Ndinawina Ukhansala ndi Nkhani ya Esinati

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata. Inu muli kumbuyoko, mukapanda kundimva mukweze dzanja, chifukwa mawu anga masiku ano si aja munkawamva pa maikolofoni. Ndine Dyson Kalumbi. Ena munkanditchula kuti a Khansala, ena bambo wa yuniyoni, ndipo ndikudziwa kuti alipo ena muno amene atangomva kuti wolankhula ndine anayang'ana kumene kuli chitseko. Khalani pang'ono. Ngati mukumwa mobisa, ngati anthu ayamba kukuomberani m'manja mukamalankhula, kapena ngati viza yanu ili m'thumba mwa bwana, nkhaniyi ndi yanunso.

Ndikamba za mayi mmodzi. Dzina lake lenileni ndinalitchulapo kale pagulu, ndipo zinamuwonongera moyo, ndiye lero ndimutcha Esinati.

Ine kuno ndinabwera kudzaphunzira, koma sukulu inathera panjira, ndipo ndinapezeka ndili pa fakitale ya magalimoto ku Solihull, ndikumangirira mipando. Manja anga anali apakatikati, koma pakamwa pokha Mulungu sanandimane. Tsiku lina kapitawo anawonjezera liwiro la layini yomangira magalimoto osatiuza, mnzathu wina n'kuvulala phewa. Ndinaimitsa ntchito n'kulankhula. Pasanapite nthawi anzanga anandisankha kukhala wowaimira, ndipo patapita zaka yuniyoni inanditenga kuti ndizigwira ntchito ku ofesi kwake.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Baljit, mayi wachimwenye wa Chipunjabi wobadwira ku Wolverhampton konkuno, wamfupi, wosaseka chisawawa. Ndiye anandiphunzitsa ntchito. Ankati mlandu wa wantchito ndi wa wantchitoyo, si wako. Ukalowa naye mu ofesi ya bwana umakhala pambali pake, osati patsogolo pake, ndipo sunena chimene iye sanakulole kunena.

Abale athu atayamba kubwera ambiri pa viza yosamalira okalamba ndi odwala, Baljit anawonjezera lamulo lina. Ambiri muno mukuidziwa viza imeneyi, koma ana a ku yunivesite mwina simunailawe. Viza yako imamangiriridwa kwa bwana amene anakuitana, sponsa uja. Boma likamulanda laisensi bwanayo, ngakhale wolakwa ndi iye, amene umapatsidwa miyezi iwiri ndiwe. Upeze sponsa wina, apo ayi uzipita kwanu. Choncho tikapeza kampani yozunza anthu sitinkathamangira kukuwa. Tinkayamba tawasamutsa anthu mwakachetechete, mmodzimmodzi, aliyense apeze kolowera. Onse akatuluka, ndi pamene tinkakanena ku boma. Nyumba suigwetsa anthu ali m'kati. Ine ndemwe ndinkaphunzitsa anzanga zimenezi, mu holo ngati ino.

Kenako kunabwera ndale. Chipani china chaching'ono cha sosholizimu, cha anthu okhulupirira kuti mabasi, nyumba ndi chisamaliro cha okalamba zizikhala m'manja mwa anthu osati mwa amalonda, chinandipempha kuti ndiime. Ndinkakhulupirira zimenezo, ndipo mpaka lero ndimazikhulupirira. Ndinagogoda zitseko mu Whitmore Reans muno mpaka zala kutupa, agalu kundiuwa, ena kunditsekera chitseko kumaso. Ndinawina. Ulendo woyambawo ndinawina mwachilungamo.

Koma mpando umakoma, abale. Kutchalitchi anasiya kundikhazika pakati, anayamba kundikhazika kutsogolo. Pa ukwati ndinkadya ndi akuluakulu, ndipo mbale yanga inkabwera yophimbira. Chisankho chachiwiri chitayandikira zinthu sizinali bwino, wopikisana naye anali wamphamvu, komanso chipani chinkafuna munthu woti adzachitsogolere m'chigawo chonse cha West Midlands. Udindo umenewo ndinkaufuna kuposa chakudya. Chimene ndinkasowa chinali chimodzi, nkhani yoti anthu alire.

Esinati ndi wa ku Dedza. Anagulitsa poloti yake kuti abwere kuno ndi mwana wake wamkazi, Tamanda, amene anali ku sekondale akukonzekera mayeso. Kampani imene inamuitana inalonjeza ntchito ya sabata yonse, koma inkangomupatsa timashifiti tochepa, n'kumudulanso lendi ya chipinda chimene ankagona iye, mwanayo ndi mayi wina. Akadandaula ankamuuza kuti ndege zopita ku Lilongwe sizinathe. Anapita ku yuniyoni, ndipo Baljit anandiitana kuti ndikamasulire, chifukwa pali zinthu zina zimene munthu sangazilire m'Chingerezi. Ndinamva zonse. Baljit anali atasamutsa kale anthu angapo a pa kampaniyo, ndipo Esinati anali pafupi kupeza malo ena. Chinkangofunika ndi nthawi basi. Koma ine ndikumasulira choncho, mutu wanga unali kale pa nsanja.

Lamlungu lotsatira, mapemphero atatha, tinali pa tiyi. Abusa analipo, akulu a mpingo analipo, amayi atazungulira tebulo. Esinati ankayenda ndi thireyi ya mandasi. Ndikanatha kumuitanira pambali. Ndikanatha kutuma mkazi wanga kuti akamufunse kunyumba, amayi okhaokha. Sindinatero. Ndinaimirira pakati, ndili mu suti, n'kukweza mawu.

"Mayi a Tamanda, Loweruka tili ndi msonkhano waukulu m'tauni. Ndikufuna ndikanene nkhani yanu kuti dziko lonse limve mmene akutizunzira. Mukuti bwanji?"

Esinati anaika thireyi pa tebulo, anapinda maondo, maso ali pansi.

"Eya, bambo. Palibe vuto."

Anthu anaomba m'manja. Abusa anati tathokoza Mulungu, tili ndi mtsogoleri.

Tsono mvetsani apa. Mzungu akanachita zimenezi tikanati sadziwa. Koma ine ndinabadwira ku Ntcheu. Ndikudziwa kuti mayi wamng'ono kwa ine, wobwera kumene, sangakane munthu wamkulu pamaso pa abusa ndi mpingo wonse. Kwathu sitikana pagulu. Timavomera, kenako timatuma munthu kuti akanene kumbali kuti zavuta. Ndinamufunsira pagulu dala, chifukwa ndinkadziwa kuti kumbali akana. Ndipo m'kati mwa sabata, mkazi wanga atandiuza kuti Esinati wakhala akumuimbira, akufuna uthenga wina undifike, ndinati ndatanganidwa ndi kampeni, tidzamva chisankho chikatha. Khomo lokanira linali limenelo, ndipo ndinalitseka ndikudziwa.

Baljit anamva, n'kundiimbira foni.

"Wamufunsira kuti?"

"Kutchalitchi."

"Munali awiri?"

"Wavomera, Baljit. Mboni zilipo zambirimbiri."

"Mboni zambirimbirizo ndi zimene zikundiopsa," anatero m'Chingerezi chake cha kunochi. "Anthu akadali m'kati, Dyson. Dikira atuluke."

Ndinamuuza kuti chisankho sichidikira munthu. Ndinati iye ntchito yake ndi kupulumutsa mmodzimmodzi, pamene ine ndikufuna kusintha lamulo lonse. Ndinalankhula bwino kwambiri moti ndinayamba kudzikhulupirira ndekha. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinadula foni.

Loweruka kunagwa mvula koma anthu anabwera. Ndinamutchula Esinati dzina lake lonse, mudzi wake, poloti ija, mwana uja. Ndinamugwira dzanja kuti akwere pa nsanja, mafoni onse ali m'mwamba. Azungu ena analira. Kutacha ndinali pa wailesi, vidiyo ikuyenda m'magulu onse a pafoni mpaka kumudzi. Chisankho chitafika ndinawina ndi mavoti ochuluka kuposa poyamba.

Esinati mashifiti ake anatha Lolemba lomwelo. Sanamuchotse ntchito, anangosiya kumuimbira. Malo amene Baljit anamukonzera anabwerera m'mbuyo, akuti sakufuna za m'manyuzipepala. Kenako a boma anafika pa kampaniyo, laisensi n'kulandidwa, mwini wake n'kusowa. Onse amene anali asanatuluke, Amalawi, a ku Zambia, a ku Zimbabwe, anatsala opanda ntchito, akudikira kalata ya miyezi iwiri ija.

Foni yanga inayamba kulira osalekeza. Ine amene ndinkadziwika kuti ndimayankha ngakhale ndili pakati pa chakudya, ndinayamba kuitembenuza chafufumimba. Ndikanati chiyani? Khansala amadziwa za zinyalala, misewu ndi malo oimika magalimoto. Pa viza alibe mphamvu ngakhale pang'ono, ndipo ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkakwera nsanja.

Mbale wathu wina atataya mayi ake kumudzi, tinasonkhana pa nyumba ina ku Bordesley Green kukamukhuza. Ndinalowa m'chipinda cha abambo. Palibe anasuntha. Ine amene ndinazolowera kuti anthu atatu aimirire nthawi imodzi kundipatsa mpando, ndinaima pakhomo ngati wodzagulitsa zinthu. Bambo wina wa ku Chipata, a Mwanza, mmodzi wa otsala pa kampani ija, anandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"A Khansala, mwabwela na sponsa, olo mwabwela cabe na mau?"

Palibe anaseka. Ndinakhala m'kanjira, pakati pa nsapato za anthu, mpaka nyimbo itayamba, kenako ndinatuluka osatsanzika. Ndinakalowa m'bala loyamba limene ndinaliona.

Ndisanamizire ndale kuti ndizo zinandiphunzitsa mowa. Ndinkamwa kuyambira ku fakitale, ndipo misonkhano yathu yambiri inkathera ku bala. Koma apa zinasintha. Ndinasiya kumwa ndi anthu, ndinayamba kumwa kuti ndisaone anthu. Vodika m'botolo la madzi, timasiwiti tonunkhira m'thumba, botolo lina pansi pa tayala la sipeya. Ndinagona pa msonkhano wa khonsolo mpaka kuliza mkonono, anzanga n'kunena kuti ndatopa ndi kutumikira anthu. Chipani chinandipatsadi utsogoleri wa chigawo uja, ndipo tsiku londilandira ndinawerenga mawu anga ndikuona mizere ikuvina.

M'mawa wina, dzuwa likuwala bwinobwino, apolisi anandiimitsa pa msewu wozungulira tauni. Ndinapuma m'kachipangizo kawo koyezera mowa kaja. Anandivula lamba ndi zingwe za nsapato, n'kunditsekera. Kukhoti anandilanda laisensi yoyendetsera galimoto, nyuzipepala inalemba, chipani chinandiimitsa. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndipo m'sabata zomwezo, pamene ine ndinali kudzimvera chisoni, makalata aja anafika. Miyezi iwiri ya Esinati inayamba kutha.

Tsopano ndichedwe pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse.

Linali Loweruka masana. Ndinali kukhitchini ndikusita malaya oyera. Mkazi wanga Rhoda, mayi a Yamikani, ndi namwino pa chipatala chachikulu cha ku Bordesley Green. Anali atangoweruka, anakhala pa mpando akuvula nsapato. Masiku amenewo tinkalankhulana za mkaka ndi za tsiku lotulutsa zinyalala basi.

"Malaya oyera ndi a chiyani?" anafunsa.

"Ndalankhula ndi abusa. Mawa andipatsa nthawi ulaliki ukatha. Ndikagwada pamaso pa mpingo wonse, ndikapepese kwa mayi a Tamanda."

Ndinkayembekeza kuti andiyamikira. Mawu ndinali nditakonza kale, ndi vesi lomwe, ndiponso malo amene mawu anga adzanjenjemere. Mayi a Yamikani anamaliza kuvula nsapato yachiwiri, anaiika pambali pa inzake, n'kuyamba kusisita phazi.

"Ndiye inu mukagwada, iye akatani?"

"Akandikhululukira, Mulungu akalola."

"Mulungu akalola? Bambo a Yamikani, mwamuna wamkulu wa imvi atagwada pansi, abusa ali pomwepo, amayi ayamba nyimbo, mwana wa eniake ameneyu anganene chiyani? Akagwada nayenso. Akalira. Akanena kuti palibe vuto. Anthu akaomba m'manja."

Simbi inali m'manja mwanga, ndipo ndinamva kolala ikuyamba kununkha kupserera, koma sindinaichotse.

"Mukufuna mukamubere kachiwiri," anatero, osakweza mawu. "Poyamba munamubera nkhani yake. Tsopano mukufuna mukamubere chikhululukiro. Inu mudzabwera kuno n'kugona tulo tabwino, iye masiku ake akutha."

"Nanga ndichite chiyani? Ndife?" ndinakuwa.

"Musandiopseze ndi imfa, ine ndimaiona kuntchito tsiku lililonse. Mukununkha mowa pano, masana ano, muli ndi simbi m'manja. Pepani sapoletsa chilonda. Munthu ameneyu sakusowa misozi yanu, bambo a Yamikani. Akusowa sponsa."

Anaimirira, anazimitsa simbi pakhoma, anatola nsapato zake n'kukwera kukagona.

Ndinatsala ndekha ndi malaya opserera. Apolisi sanandiopse choncho, woweruza sanandiopse choncho. Chimene chinandiopsa n'chakuti ndinkaganiza ndi mtima wonse kuti ndalapa, pamene ndinali kukonza msonkhano wina, nsanja ina, Esinati yemweyo atagwada, ine ndili pakati. Ngakhale kupepesa kwanga kunali kampeni. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Botolo linali kuseri kwa mpunga mu kabati, ndipo ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinatenga foni n'kuimbira abusa kuti mawa asandipatse nthawi. Anadandaula, akuti anali atauza kale a kwaya.

Zimene ndinachita kuchokera pamenepo si zozizwitsa ayi, ndipo aliyense muno angazichite.

Choyamba ndinakwera m'mwamba n'kuuza mayi a Yamikani malo onse amene ndinkabisa mabotolo. Ena ankawadziwa kale. Ndinkafuna kuthira zonse mu sinki tsiku lomwelo ngati m'filimu, koma anandiletsa. Munthu amene wafika pamene ndinafika ine sasiya mwadzidzidzi payekha, akhoza kugwa khunyu. Lolemba anandiperekeza kwa dokotala, ndipo ndinanena mlingo weniweni, osati theka limene timanena tonsefe. Anandiika pa chithandizo n'kunditumiza ku gulu la anthu osiya mowa. Amuna anzanga, ndikudziwa zimene mukuganiza, zoti zimenezo ndi za azungu, ife timangopemphera. Pempherani ndithu, koma pitaninso. Kumeneko palibe anandidziwa ngati khansala. Ndinali Dyson, wokonza mipando ndi kutsuka makapu.

Kenako ndinatula pansi ukhansala. Anzanga a m'chipani anakwiya, anati ndingodikira mphepo idutse, anthu amaiwala. Mpandowo chipani chinaluza pa chisankho chobwereza, ndipo ena mpaka lero sandipatsa moni. Koma sindikanatha kukhalabe pa mpando umene ndinaupeza mwa njira imeneyo.

Chovuta kwambiri chinali kupita kwa Baljit. Ndinakwera basi, poti galimoto panalibenso, n'kukagogoda pa ofesi imene ndinkalowa osagogoda. Anandisiya nditaima kwa kanthawi akumaliza kulemba.

"Wabwera kudzatani?"

"Ndipatse ntchito. Iliyonse. Sindikufuna malipiro."

"Kuno maikolofoni kulibe. Kuli foni ndi mpando wothyoka mwendo. Dzina lako sulitchula kwa aliyense, ndipo mtolankhani akaimba umandipatsa ine. Ukabwera ukununkha, usadzabwerenso."

Ndinakhala pa mpando umenewo. Ntchito inali kuimbira nyumba zosamalira okalamba, imodzi ndi imodzi, ku Walsall, ku Dudley, ku Coventry, kufunsa ngati ali ndi malo komanso ngati ali ndi chilolezo cholemba munthu wa viza. Ambiri ankadula ndisanamalize. Masabata oyamba manja ankanjenjemera moti ndinkagwira foni ndi manja awiri. Masana ndinkakonzekeretsa anthu mafunso, kuwaphunzitsa kuyang'ana bwana m'maso, poti ife timayang'ana pansi mwaulemu pamene kuno amati ukubisa kanthu. Ena ndinkawaperekeza pa basi n'kuwadikira panja. A Mwanza aja anapeza malo ku Walsall. Sanandithokoze, ndipo panalibe chothokozera. Enanso anapeza, mmodzimmodzi, mmene zikanayendera kuyambira poyamba ndikanakhala chete.

Koma Esinati ayi. Bwana aliyense asanaitane munthu amalemba dzina lake pa kompyuta. Akalemba la Esinati kunkatuluka vidiyo ija, iye atanyowa ndi mvula, ine ndili pambali ndikuloza kumwamba. Palibe ankanena kuti chifukwa chake n'chimenecho. Ankangoti malo adzaza. Loya wa yuniyoni anayesa kupempha kuti amuwonjezere nthawi, sizinatheke. Ena anamulangiza kuti angosowa, azigwira ntchito za m'seri monga achitira ena. Anakana. Anauza mayi a Yamikani kuti mwana wake sangakule akunjenjemera ndi aliyense wogogoda pachitseko. Ine sankandilankhula. Zonse zinkadutsa kwa mkazi wanga ndi kwa Baljit, ndipo sindinayese kudutsa pakati pawo.

M'sabata yomaliza kunapezeka mwayi umodzi. Mayi wina amene anagwirapo ntchito ndi mkazi wanga anali woyang'anira nyumba ya okalamba ku Solihull, ndipo anavomera kumuona Esinati ngakhale vidiyoyo anali ataiona. Mayi a Yamikani anasintha shifiti n'kupita naye. Ine ndinatsala ku ofesi. Sindinathe kuimba foni ina iliyonse tsiku limenelo, kuopa kuti mwina angaimbe layini ili yotanganidwa. Masana mkazi wanga analemba kuti zayenda bwino, mayiyo wamukonda, koma mawu omaliza ndi a eni nyumbayo, ayankha mawa.

Mawa lakelo ndinafika ofesi isanatsegulidwe. Foni iliyonse ikalira ndinkaganiza kuti ndi eni nyumba aja. Wina ankafunsa za tchuthi, wina za malipiro ake a ovataimu. Tiyi wanga anazizira osamukhudza. Tsidya la msewu kuli bala, ndipo ndinaona mwini wake akutsegula zitseko, akutulutsa bolodi lake, akupukuta matebulo. Chakumadzulo foni ya Baljit inalira. Anamvetsera nthawi yaitali. Kenako anati wamva, zikomo poyesa, n'kuika foni pa tebulo pang'onopang'ono.

"Eni ake akana," anatero. "Akuti sakufuna atolankhani pakhomo."

Ndinatuluka osatenga jekete. Ndinawoloka msewu mpaka pakhomo pa balalo, fungo likundifika. Ndikuuzani zoona, dzanja linali kale pa chitseko. Ndi dzanja linalo ndinaimbira mnzanga wa ku gulu kuja, bambo wopuma ntchito yoyendetsa mabasi. Sanandilalikire. Anati ndiyende mpaka pa siteji, ndipo sanadule foni mpaka nditakwera basi. Musaombe m'manja, chonde. Ndanena kuti mudziwe kuti nambala ya munthu wotere muzikhala nayo tsiku loipa lisanafike.

Inu amene makalata anu afika, musakhale nawo m'chikwama mukuchita manyazi. Pitani ku yuniyoni sabata yomweyo, chifukwa miyezi iwiri si kanthu. Inu amene akukunyengererani kuti muime pa chisankho, imani, tikufunika anthu athu kumeneko, ndipo lamulo lomangirira munthu kwa bwana mmodzi liyenera kusinthadi. Koma mukaona kuti mavuto a mnzanu ayamba kukukomerani pakamwa, khalani pansi tsiku lomwelo. Ndipo inu amene muli ndi botolo kuseri kwa mpunga, ndikhala pakhomopo tikamaliza.

Esinati ananyamuka Lachinayi m'mawa, pa basi yopita ku bwalo la ndege. Dzulo lake mayi a Yamikani anandiuza kuti watuma mawu akuti zikwama n'zolemera, pakufunika mwamuna. Ndinapita. Pa siteshoni ya ku Digbeth kunali kuzizira, anthu ali piringupiringu. Tamanda anali atavala zomvera nyimbo m'makutu, akuyang'ana kumbali, ndipo sanandipatse moni. Ndinanyamula zikwama zonse n'kuziika pansi pa basi. Nditamaliza ndinaima chapatali, manja ali kumbuyo.

Anthu atayamba kukwera, Esinati anabwera pamene ndinaima. Anandiyang'ana m'maso.

"A Kalumbi."

"Mayi."

"Ndamva kuti mowa munasiya."

"Ndikuyesetsa, mayi."

"Pitirizani. Mayi a Yamikani ndi munthu, musawavutitsenso." Anakonza mpango wake. "Ine ndikukudziwani. Pakamwa panupo simungapatseke. Tsiku lina mudzaima pagulu n'kumanena za ine, mmene munagwera, mmene munadzukira. Kaneneni, mwina zingathandize wina. Koma chinthu chimodzi musadzanene. Musadzanene kuti ndinakukhululukirani, chifukwa sindinafike pamenepo, ndipo sindikudziwa ngati ndidzafike."

Anakwera, Tamanda ali patsogolo. Basi inabwerera m'mbuyo, inakhota n'kutuluka pa geti.

A tcheya, munandipempha kuti ndidzanene mmene ndinachirira, ndiye ndanena. Mowa ndinasiya, banja langa lilipo, ndipo Lolemba ndikhala pa mpando wothyoka mwendo uja. Tamanda mayeso aja sanalembe. Esinati ali ku Dedza kwa mchemwali wake, akugulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu, ndipo sanandikhululukire. Umboni wanga wathera pamenepo. Zikomo.